Masamba Atatu Otsala

Uthenga wa imfa ya mchimwene wake unam'peza Easter akuchapa. Anasiya zovala m'beseni n'kuthamangira pa siteji ya njinga zakabaza ku Mbombwe, buku lili kukhwapa. Bambo wina wodikira njinga analiyang'anitsitsa.

"Limeneli ndinaliwerenga, mayi. Liwiro lake ngati minibasi yolimbirana anthu! Lero ku Cairo, mawa ku Roma, mfuti zokhazokha. Munthu wa m'nkhaniyo amadya nthawi yanji?"

"Achimwene anga ankafunsanso choncho. Ndinkawawerengera kuchipatala ku Milepa, ndikumasulira m'Chinyanja."

"Analikonda?"

"Kwambiri. Dzana anandigwira dzanja, akuti, 'Iwe unalimaliza, tangondiuza: mwana wobedwa uja bambo ake am'peza?' Ine ndinakana. Ndinati nkhani sayambira kumapeto, tidzamaliza Loweruka."

"Munachita bwino. Loweruka si mawa lomweli?"

"Atisiya m'mawa uno."

Bamboyo anavula chipewa. "Pepani, mayi. Pakamwa pangapa!"

"Anatsala masamba atatu okha, bambo. Atatu."

Easter anatembenukira njira ya ku Milepa, nakweza mawu.

"Achimwene, mwana uja anam'peza, ali moyo. Ndikhululukireni."