Nyimbo ya Kudambwe pa Kaseti Yathu

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima wanga ungapepukeko.

Ndinakulira pa pulazi ya fodya kufupi ndi tauni ya Karoi. M'zaka za m'ma 1990, ine ndi anzanga atatu tinayambitsa bandi ya hevi meto, nyimbo za magitala olira ngati chigayo. Kaseti yathu yoyamba tinaijambulira m'balani ya fodya, ine ndili pang'oma. Pofuna kuti imveke yakwathu, ndinaikamo nyimbo ina ya Gule Wamkulu imene siimbidwa kunja kwa dambwe, malo obisika a amuna olowa gule.

Achinyamata a m'tauni ya Chinhoyi anaikonda zedi. Koma Lamlungu lina mnzathu anailiza kukomboni ya antchito a papulazipo, amayi ndi ana akumva. Bambo anga, omwe anali oimba ng'oma za gule, anaimirira n'kundifunsa kuti, "Iwe, nyimbo imeneyi ndinakuphunzitsira kuti?"



"Wandivula pagulu," anatero. Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhulenso.

Atamwalira, akuluakulu a gule anandiletsa kukhudza ng'oma pamaliro. Bambo anga anaimbiridwa ng'oma ndi ana a eni, ine nditaima patali ngati mlendo. Kasetiyo ndikadali nayo m'sutikesi, koma sindinaimverenso.