Buku Limene Analibisa Pansi pa Katoni

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, moni nonse. Amene simundidziwa, ndine Felesiya, mayi ake a Tiyamike, wa kumunsi kwa phiri la Michesi. Abusa, mukaona ndikutalikitsa musandikoke chitenje. Lero ndiyankhula.

Kale tinali bwino. Olemera ayi, koma bwino. Tinali ndi munda wa chimanga ndi nandolo, chinangwa chakumtunda, ndi njinga yopanda mabuleki. Bambo ake a Tiyamike anali munthu waphokoso, ndipo mwana anatengera iwo. Mtsikana ameneyu ankalongolola kuchokera kumjigo mpaka kunyumba, ine n'kumachita kumuuza kuti, "Iwe, pumulako, pakamwa pako sipatopa kodi?"

Kenako kunabwera napolo. Inu a kuno simufunika kufotokozeredwa. Mvula inagwa osakata, phiri linalira, matope ndi miyala zinatsika masanasana. Ine ndinali kuchigayo, tsidya lina. Tiyamike ndi bambo ake anali kumunda, akutsegula ngalande kuti madzi asakokolole mbewu. Anathawa atagwirana manja. Mwana tinamupeza atakangamira pamtengo wa mango, wamoyo. Bambo ake sanapezeke mpaka lero. M'manda mwawo tinaikamo thunthu la nthochi.

Pamaliro pomwepo, achimwene anga a Wyson, mwinimbumba wathu, ananena mawu anthu akumva, mwana ali pamphasa pomwepo. Anati, "Mtsikana wamkulu ngati uyu, akanawagwiritsa bwenzi alamu ali moyo." Ananena uku akutafuna chinangwa. Kuyambira tsiku limenelo Tiyamike anatseka pakamwa. Ankadya, ankasesa, ankatunga madzi. Koma mawu ayi, ngakhale kungoti "ee".

Achimwene angawo ali muno, ndawaona, avala jekete. Musavutike kutembenuka, mukuwadziwa.

Abale anga, ukakhala ndi mwana wosayankhula aliyense amasanduka dokotala. Wina akuti mumwetseni uchi. Wina akuti amulodza a kuchimuna. Achimwene anati ndi chiwanda cha m'madzi, ndipo anapeza mneneri wina kuchigwa uko, amene amasunga odwala kuseri kwa nyumba yake atawamanga unyolo m'miyendo, n'kumawamana chakudya kuti chiwanda chife ndi njala. Ine ndinapita kukawaona anthu amenewo. Amene ankafa ndi njala kumeneko sanali chiwanda ayi. Ndinakana. Koma kwathu kuno mukudziwa, mawu omaliza pa mwana ndi a malume ake. Anati, "Mlongo wanga, tikamakolola akadali duu, ndikumutenga."

Pasukulu pathu pali aphunzitsi ena achizimayi ochokera kumpoto, timangowaitana kuti Madamu. Ana akaweruka, iwo amatsala m'kalasi ndi achinyamata, kusewera masewera ena amene anaphunzira ku koleji. Ndikufotokozereni bwinobwino, poti ena a inu munafalitsa mabodza musanawaone n'komwe. Amakhala mozungulira tebulo. Madamu amatsegula buku lofotokoza dziko longopeka, mitsinje yake, mafumu ake, zilombo zake. Aliyense amasankha kukhala munthu mmodzi wa m'dziko limenelo, wina mlenje, wina wosula makasu. Madamu akati, "Mwafika pamtsinje wodzaza, mutani?" iwe umanena chimene uchite, kenako umaponya dayisi, kanthu kokhala ndi manambala m'mbali mwake. Likagwa pa nambala yaikulu ndiye kuti zatheka, likagwa pa yaing'ono zakanika. Basi. Si juga, si mankhwala.

Madamu anabwera kwathu nati, "Mayi, mundibwereke Tiyamike. Ana ena amamasuka akavala dzina la munthu wina." Ndinavomera. Ndikanavomera chilichonse chopanda unyolo.

Mabukuwo anali m'katoni, buku lililonse dziko lakelake. Ndiye kunakhala msonkhano, abale anga. Msonkhano weniweni, wa mipando ndi pemphero lotsegulira, wosankha buku. Kunali Madamu, ahedi, ndi amayi ena a komiti ya sukulu. Mwana ali pakhonde, iwo ali mkati kumusankhira dziko. Buku ili ayi, muli mitsinje yambiri, limukumbutsa. Ili ayi, muli mvula. Lina linali ndi phiri pachikuto, chinjoka chitalizinga. Limenelo amayi a komiti analigwira ndi zala ziwiri ngati thewera, n'kuliika chafufumimba pansi penipeni pa katoni. Ine ndinali pomwepo, koma palibe anandifunsa.

Anasankha buku la dziko lachisanu, kumene madzi onse anauma gwa ndi kuzizira. Anthu ake amavala zitsulo thupi lonse, amakhala m'nyumba zazitali za miyala, ndipo ntchito yawo ndi kulimbirana mpando wa mfumu ina imene inafa kalekale. Buku lonse mulibe khasu. Mulibe munthu wopita kuchigayo. Ndiye mwana wa ku Michesi, amene bambo ake ali pansi pa matope, azidandaula za mpando wa mfumu ya kuchisanu? Ankapita ndithu. Akamufunsa kuti "Utani?" ankangoyang'ana tebulo, mnzake n'kumuponyera dayisi. Chimanga chinamasula, chinayamba kuuma, iye adakali duu.

Tsiku lina achimwene anadutsa pasukulu n'kusuzumira pawindo. Anaona mzimayi wachilendo atatsegula buku la zithunzi za zilombo, tinthu tikugubuduzika pansalu, iye n'kumauza anthu zimene ziwagwere. Anazungulira mudzi wonse kulengeza kuti Madamu akuombeza ula. Munthu amene mbuzi yake itasowa anathamangira kwa sing'anga ndi nkhuku kukhwapa, tsiku limenelo anasanduka woyera mtima. Ndipo ena a inu munavomereza, munaletsa ana anu kupitako, simunafunse n'komwe. Madzulo anafika kwathu nati sadikiranso zokolola. Mawa masana abwera ndi wakabaza.

M'mawa mwake ndinachapa zovala za mwana wanga, zitauma ndinazimanga m'chitenje. Ndinalira, abale anga. Ndinalira kuposa tsiku la maliro. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, "Ambuye, munatenga bambo ake, lero mukulola uyu akamangidwe ngati mbuzi. Mukufuna ine nditsale ndi chiyani, njinga ija?" Yankho sindinalimve. Ndinangomva mkwiyo, ndipo ndinamugwira mwana pamkono kuti tikatsanzike kwa Madamu.

Kusukulu tinapeza achinyamata ochepa amene makolo awo sanawaletse. Madamu atamva nkhaniyo anagwetsa misozi, nati tisewere komaliza, n'kutambasula dzanja kutenga buku lachisanu lija. Apo mtima unandiphulika. Ndinanyamula katoni yonse n'kuikhuthulira pansi. Ndinati, "Mwamusankhira mokwanira. Malume ake amusankhira mneneri, inu mwamusankhira chisanu. Asankhe yekha."

Tiyamike anagwada. Anakankhira kumbali buku lachisanu, anakankha linanso, n'kutola la phiri lija.

Madamu anandinong'oneza kuti, "Mayi, limeneli limupweteka. Muli chinjoka chimene chikatembenuka phiri limagumuka."

Ndinati, "Madamu, phiri mukumubisiralo amaliona akangotsegula chitseko."

Anayamba. Poyamba Madamu ankazembazemba, kufotokoza za msika wa m'dzikomo, za nsomba ndi mchere. Tiyamike anatsegula yekha pamene panali chithunzi cha phiri likugumuka, n'kuikapo chala, osachotsa. Madamu anati, "Chabwino. Muli m'mudzi wa pansi pa phiri. Mvula yagwa osakata. Mwamva kulira kumtunda, matope akubwera, ndipo patsogolo panu bambo wina waterereka, madzi akumukoka. Mutani?"

Mnyamata wina anati athawira pachulu. Mtsikana wina anati akuwa kuitana anthu. Kenako ndinamva mawu osasa, otuluka movutikira, mawu amene ndinali nditayamba kuwaiwala.

"Ndiwagwira dzanja."

Madamu anapatsa Tiyamike dayisi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaponya yekha. Linagubuduzika n'kugwa pa wani, nambala yotsikitsitsa. Madamu anafulumira kuliphimba ndi chikhatho nati, "Zatheka, wawakoka, apulumuka."

Tiyamike anati, "Musaname, Madamu. Ndaona. Ndi wani."

Madamu anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Anati, "Ee, ndi wani. Wawagwira ndi manja onse awiri, palibe chimene walakwitsa. Koma matope akuposa mphamvu. M'masewera muno munthu amatha kuchita zoyenera, dayisi n'kukana."

Mwana wanga analiyang'anitsitsa dayisi lija, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, ndinawagwira. Sindinawasiye. Ababa ndi amene anandimasula zala, anati gwira mtengo."

Abale ndi alongo, mwana anasenza zimenezo yekha nyengo yonse ija, poti munthu wamkulu, mwinimbumba, ananena pamaliro kuti ndi iye anawataya. Ndinamukumbatira, tinalira tonse, ndipo ankangobwereza kuti ndinawagwira amayi, ndinawagwira.

Nditadzutsa mutu ndinaona achimwene ataima pakhomo la kalasi, wakabaza ali kumbuyo kwawo. Atatisowa kunyumba anatilondola, ndipo anamva zonse. Ndinati, "Achimwene, chiwanda chanu chija mwachimva chikuyankhula?" Anangoyang'ana nsapato zawo. Njinga ya kabaza anabweretsera mwana wanga ija anakwera okha pobwerera.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti dayisi linachiza mwana wanga. Dayisi ndi kapulasitiki chabe. Amene anatsegula pakamwa pake ndi Mulungu yemwe ndinamukalipira m'mawa uja, ndipo sanandibwezere monga mwa mawu anga. Anadzera m'buku limene anthu anzeru analiika chafufumimba pansi pa katoni. Ndikumuthokoza. Ndikuthokozanso Madamu, amene anapirira kutchedwa sing'anga ndi anthu oti Baibulo lawo amalitsegula Lamulungu lokha.

Lero moyo wathu ndi uwu. Ndikadali wamasiye, bambo ake sanabwerere, ndipo mvula ikamagunda pamalata tonse awiri timasiya zimene tikuchita. Tinasamutsa nyumba kuchoka m'mphepete mwa khwawa. Nandolo wabereka chaka chino. Njinga ija tinaikitsa mabuleki. Achimwene sanapepese, koma ndikumva kuti pamaliro masiku ano amangotafuna chinangwa chawo osayankhula, ndipo ine ndikuti nakonso ndi kutembenuka mtima. Loweruka masana Tiyamike ndi amene amatsogolera masewera aja pasukulu. Kukabwera munthu watsopano amakhuthulira mabuku onse pansi, n'kumusiya asankhe yekha.

Dzulo tinkachokera kumjigo, ndowa pamutu, iye akulongolola njira yonse za chinjoka cha m'phiri ndi mlenje wina wopusa amene anagwera m'dzenje. Mutu unayamba kundiwawa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zija ndinkanena kale, kuti iwe pumulako. Ndinadzigwira. Ndinati, "Ndiye mlenjeyo anatani, mwanangu?"

Ambuye alemekezeke. Abusa, chitenje changa mwachisiya, zikomo, ndakhala pansi.