Timadontho Titatu Kuphazi

Malemu athuwa anabadwa pa 9 Malichi 1968, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo mundikhululukire mawu akandithawa penapake.

Sukulu analekeza Fomu 2 mu 1984, n'kuyamba kuthandiza bambo athu kuwotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Anthu a mumsewu wathu anawapatsa dzina loti Anamoto. Zidutswa zotsala, matcheni a njinga ndi masipuling'i a galimoto iwo sankataya ayi. Ankapanga nazo mbalame, kenako ziboliboli za anthu athunthu.

Mu 1991 anakwatiwa ndi alamu athu, omwe akhala kutsogoloku. Alamuwo pakamwa n'pothwa, ndiye anawanyengerera kuti ziboliboli zizipita ku zionetsero m'dzina la mwamuna, ati chitsulo chowotcherera mkazi sichigulika. Ife abale tinangoti ziii, ndipo lero manyazi atigwira. Koma malemu anali ndi kachizolowezi kawo chiyambireni ntchitoyi. Akamaliza chiboliboli chilichonse, ankadontheza timadontho titatu ta chitsulo pansi pa phazi lakumanzere. Siginecha yawo inali yomweyo.

Utsi ndi moto wa zaka zonsezi zinawadya maso ndi mapapo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni chaka chino. Ali pabedi anapempha chinthu chimodzi basi, kuti dzina lawo lilembedwe pa ntchito zawo asanatsinzine. Alamu analonjeza, tonse tikumva. Patangotha sabata, mwana wawo wamkazi atapita kushedi yowotchererako kukatenga magalasi a mayi ake, anapeza ziboliboli zitagonekedwa pansi, mapazi onse atapalidwa ndi galayinda, ali mbee! Abale anga, munthu akadapuma! Malemu atamva sanalire, koma za kushedi sanafunsenso mpaka anatisiya pa 28 Julayi.

Asiya ana atatu, zidzukulu zinayi, amuna awo, ndi ziboliboli zoposa mazana awiri zolembedwa dzina la munthu wina.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo owotcherera amene atseka mashedi awo lero, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza. Tikuthokozanso mayi athu okalambawa, amene kuyambira 1985 asunga kuchipinda kwawo kambalame koyamba ka malemu. Uko galayinda sinafikeko. Kambalameko tikakaika pamanda chagada, miyendo m'mwamba, kuti aliyense wodutsa aziwerenga yekha: kamodzi, tiwiri, titatu.

Anamoto, achemwali anga, pumulani mumtendere.