Ndinatsegula Chikwama pa Maliro a ku Kabushi

Abusa ndi Amayi Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale nonse, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mawu akandithera pakhosi mundidikire, chifukwa nkhani yanga ndi yochititsa manyazi.

Ambiri muno mumandidziwa ndi chikwama chabuluu. Eee, sekani, ndine ndimakudikirirani pageti tikaweruka. Ndinayamba kugulitsa sopo, mafuta odzola ndi paudala chaka chimene bambo a kunyumba anawachotsa ntchito ku mgodi. Bizinesi yake ilibe shopu. Umatenga katundu ku kampani n'kumayenda naye khomo ndi khomo, ndipo pamakhala wokuyang'anira, timu lida. Wathu anali mayi wa ku Riverside, wolankhula ngati wailesi. Lolemba lililonse amatiuza kuti, "Bizinesi ni njinga, ukaleka kupalasa wagwa. Paliponse pali anthu atatu, tulutsa katalogi." Ine mawuwo ndinameza osatafuna. M'minibasi ndinkatulutsa, pamzere wa ku kiliniki ndinkatulutsa, ngakhale kuchigayo. Ndipo sindinama pamaso pa Mulungu, ana anga anadya.

Woyamba kundigula sopo anali Esinati. Tinakulira limodzi ku Mindolo kuno ku Kitwe, makolo athu tonse a ku Chipata, abambo athu ankatsikira mu shafuti imodzi ya mgodi. Anakwatiwa ku Kabushi, ku Ndola, koma pamene ndinkabereka mwana wanga woyamba, ndi iye amene ndinamufinya dzanja. Sanali mnzanga chabe, abale.

Chaka chatha mwamuna wa Esinati anamwalira. Anadwala masiku anayi okha. Ndinavala chitenje ndi duku, ndinakwera minibasi, ndipo chikwama ndinanyamula. Musandifunse chifukwa chake. Chinali chitasanduka mkono wanga wachitatu.

Mwambo wa chimbuya mumaudziwa. Akafa wa kwathu kum'mawa, Abemba amabwera kudzatiseka ndi kutipaka paudala kumaso kuti mitima ipepuke, ndipo akafa wawo ifenso timabwezera. Tsiku lachitatu, titabwera kumanda masana, amayi tinakhala pansi m'nyumba, Esinati atagona pamatilesi pakona. Mayi wina wachibemba anabwera n'kundithira paudala kumaso, akuti, "Imwe ba Ngoni, mumafa chifukwa cha mbewa!" Anthu anaseka pang'ono. Paudala wake anali wotchipa, wonunkha ngati ufa wokhalitsa. Ine pakamwa panga panathamanga. Ndinati, "Awe mbuya, paudala wanji uyu? Taonani weniweni."

Ndinatsegula chikwama, abale. Ndinatsegula chikwama pa maliro.

Kabotolo kanayamba kuyenda dzanja ndi dzanja, amayi akununkhiza. Wina anati, "Ni zingati?" Wina anafunsa ngati ndili ndi mafuta a ziphuphu. Katalogi inatuluka, cholembera chinatuluka, ndinayamba kulemba mayina, mtima ukuvina kuti timu lida andiyamikira Lolemba. Nditadzutsa mutu ndinaona Esinati atakhala tsonga, akundiyang'ana. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangonena motsitsa kuti, "Dothi la mwamuna wanga lisanaume, iwe watsegula msika m'nyumba mwanga? Tuluka."

Ndinatuluka ndi paudala kumaso, ndikuponda nsapato za anthu pakhomo. Sindikumbuka momwe ndinafikira ku Kitwe.

Nkhani yoipa siyilipira minibasi, mwe bantu. Inandipitirira n'kukafika ku Mindolo ine ndisanatsike. Anayamba kunditcha Bana Paudala, ndiye kuti Amake Paudala. Makomo amene ankandilandira ndi mpando anayamba kundiyankhira pawindo. Chikwama ndinachikankhira kunsi kwa bedi, chinakhala kumeneko miyezi itatu. Timu lida ankaimba foni, ine osayankha. Kutchalitchi kuno ndinkakhala benchi yakumbuyo uko, ndikumatuluka pemphero lomaliza lisanathe. Ena munaona, simunafunse, ndipo ndikukuthokozani.

Tsiku lina bambo a kunyumba anati, "Amake Chikondi, ana sadya manyazi." Anali kunena zoona. Ndinapukuta fumbi pachikwama, ndinayambanso. Zinali zowawa. Khomo loyamba anandikana, lachiwiri anandikana, lachitatu anandifunsa ngati kulibe maliro lero. Ndinameza, ndinapitiriza. Pang'onopang'ono ena anabwerera, chifukwa sopo wanga analibe mlandu.

Koma mtima unali usanakhale pansi. M'mawa wina ndikupemphera, funso linandilasa. Mayi wina wa ku Riverside ndinamubwerera kasanu chifukwa cha botolo limodzi la mafuta, osatopa. Nanga kwa Esinati ndabwerera kangati? Olo kamodzi. Khama lonse lija ndinkalithera pa anthu achilendo.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ndola chimanjamanja. Ndinagogoda. Nsapato zake za patapata zinali pakhomo, wailesi ikulira m'kati, koma chitseko sichinatseguke. Ndinakhala pasitepe mpaka 16 awazi, 4 koloko madzulo, n'kubwerera. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Loweruka lachitatu mvula inandikwapula pomwepo. Amayi ogulitsa tomato pamsewu anayamba kundizolowera, wina mpaka anandibwereka kampando. Kangapo ndinafuna kuleka. Ndinkalira m'minibasi, nkhope nditalozetsa kuwindo, ndikumuuza Mulungu kuti, "Tate, ndinalakwa ine, koma musalole kuti mmodzi wa ife aikidwe m'manda tisanalankhulane."

Loweruka la nambala naini chitseko chinatseguka. Esinati anali ataonda, abale, ataonda. Anayang'ana m'manja mwanga kaye, kenako kumaso.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Esinati, ndikhululukire."

Iye anati, "Za msika ndinaiwala. Chimene chimandipweteka ni ichi. Masiku atatu a maliro ndinamva mawu a aliyense, ngakhale anthu amene sindiwadziwa. Ako sindinawamve. Mlamu wako sunamulire."

Zinali zoona. Masiku atatu onse aja maso anga anali pa anthu, kuwerenga amene angagule.

Anasuntha pakhomo n'kunena kuti, "Lowa umulire."

Ndinalowa, ndinakhala pansi pakona pamene panali matilesi paja, ndipo ndinalira. Ndinamutchula dzina mlamu wanga, ndinalira mmene timalirira kwathu, mokweza. Esinati anagwa pambali panga, tinagwirana, tinalira tonse. Anthu oyandikana nawo anabwera akuthamanga, ena akumanga zitenje m'njira, akufunsa kuti wafanso ndani. Esinati anapukuta m'maso n'kuwauza kuti, "Palibe wamwalira. Uyu ni m'bale wanga, wachedwa chabe pa maliro."

Abusa, bizinesi ndikuchitabe, ndipo sindileka. Ine ndi Esinati sitinafike pamene tinali kale. Kwanga sanabwerebe. Koma pamaso pa anthu a ku Kabushi, amene anandiona ndikutulutsidwa, ananditcha m'bale wake. Ine sindinayenere zimenezo.

Zikomo Yesu. Zikomo Atate. Mpingo wa Mulungu, kondwerani nane. Amayi anzanga, ndiimbireniko nthungululu, ine mawu andithera.