Kochi Lamson Kachingwe ndi Mpira Woponya

Malemu Bambo Lamson Kachingwe anabadwa pa 9 Juni 1971 ku Mponela, m'boma la Dowa. Ine wowerenga mbiriyi ndine Ezra Chimwala, mlamu wawo. Mayi Felesta Kachingwe, amene atsala amasiyewa, ndi mlongo wanga.

Pulayimale anaphunzira ku Mponela komweko, sekondale ku Dedza, kumene ankadziwika ndi liwiro. Mu 1991 mpingo unawapezera malo pa koleji ina yaing'ono ku America kuti akaphunzire uphunzitsi wa masamu. Kumeneko ndi kumene anayamba mpira wa ku America uja, wovala zipewa zolimba.

Mundilole ndifotokoze kaseweredwe kake, chifukwa popanda kutero zotsatirazi sizimveka. Timu yawo inkasewera mwa njira zitatu. Woyambitsa, amene amamutcha kotabaki, akalandira mpira amasankha kuupereka kwa mnzake woboola pakati pa adani, kapena kuthamanga nawo yekha, kapena kupatsira wa pambali pake. Njira zonsezi n'zothamanga ndi mpira m'manja, ndipo zonse zimathera pogundana. Malemu ndiwo anali oboola pakati. Poti adani sadziwa amene watenga mpira, ankawagunda ulendo uliwonse, kaya autenga kaya sanautenge. Ankati akadzuka pansi akuona chizimezime, ankangowapatsa madzi n'kuwabwezera m'bwalo. Zinali choncho mpaka anamaliza koleji mu 1995.

Atabwerera kwathu anaphunzitsa masamu ku Lilongwe. Pa 14 Ogasiti 1999 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Felesta ku Kawale. Mu 2006 mayi atapeza ntchito ya unamwino ku Murdoch, dera la mumzinda uno wa Perth, banja linasamukira kuno, ndipo bambo anapitiriza uphunzitsi pa sekondale ina. Mu 2010 ophunzira a yunivesite ku Bentley anawapempha kuti akhale kochi wa timu yawo. Anawaphunzitsa njira zitatu zija monga anaziphunzirira okha, timu n'kuyamba kupambana.

Mu 2017 tinayamba kuona zachilendo. Ankaiwala dzina la mwana amene amuphunzitsa chaka chathunthu. Tsiku lina anatsika sitima pa Murdoch n'kungoima. Anaimbira mayi foni nati, "Amake Chiza, ndili pa siteshoni, koma sindikudziwa kuti kwathu n'kuti. Musawauze ana." Mu Novembala chaka chomwecho mnyamata wawo woboola pakati, Taizya Mwenya, anagundidwa n'kukomoka m'bwalo. Anatsitsimuka, ndipo ali nafe pano. Pobwerera ndinali m'galimoto ndi malemu. Anandiuza kuti, "Alamu, chimene chikundidya ine m'mutumu ndikuchidzala m'mitu ya ana a eni."

Kuletsa masewerowo sakanatha, anyamata akanangopeza kochi wina. Choncho anaganiza zowonjezera kuponya. Kotabaki azinamizira kupereka mpira kwa woboola pakati, ndipo adani akakhamukira kutsogolo iye azibwerera m'mbuyo n'kuuponya pamwamba pawo, kwa mnzake amene wadutsa kale. Ankati adani akapusitsidwa kangapo amaopa kuunjikana pakati, kugundana n'kuchepa. Sizinali zapafupi. Anyamata a m'mphepete anazolowera kutchinga, osati kuwakha, moti mpira unkawapulumuka ngati sopo. Kotabaki amene analipo analibe mkono. Mu 2018 timu inagonja pafupifupi masewero onse. Ena anachoka, ena ankanena poyera kuti kochi wagwidwa ndi mantha. Sankanama ayi. Mantha analipo, ndipo malemu sanakane.

Amene sanawataye ndi wachiwiri wawo, Bambo Kapembwa Kangwa ochokera ku Zambia. Malemu akasokonezeka pakati pa kufotokoza, a Kangwa ankamalizitsa ngati kuti anapangana. Woponya malemu anam'peza m'nyumba mwawo momwe. Mwana wawo Chiza ankamutengera ku paki, dzuwa likuswa mtengo, kumuphunzitsa kaimidwe ka mapazi ndi kamasulidwe ka mpira, bambo akulangiza m'Chichewa, mwana akuyankha m'Chingerezi. Ankamuuza kuti, "Ponya msanga, asanakufike. Usadikire kuti akugunde."

Mu Febuluwale 2022 timu inafika ndime yomaliza, Chiza ali kotabaki, ndipo inapambana ndi mpira woponya. Malemu anali pa benchi, akuwomba m'manja. Kenako anatembenukira kwa a Kangwa n'kufunsa, "Woponya bwino uyu ndi mwana wa yani?" A Kangwa anadzatiuza patapita masiku, akulira.

Mu 2023 anasiya uphunzitsi ndi ukochi womwe. Munthu amene sitinamumvepo akukweza mawu anayamba ukali woti sadziwa kumene wachokera, mpaka tsiku lina anathyola chitseko cha kukhitchini. Mtima utatsika anapempha mayi kuti aziwabisira makiyi a galimoto, ndiponso kuti akaona nkhope yawo yasintha azithawira kwa aneba. Ankadziopa okha. Madokotala a ku Nedlands anati n'kutheka kuti n'chifukwa cha kugundidwa kuja, koma munthu akadali moyo sangatsimikize. Tsiku lina mutu uli bwino anatiitana, mayi, ana ndi ine, n'kutilamula kuti akadzamwalira ubongo wawo ukapimidwe.

Pa 3 Malichi 2025 anagwa m'bafa, magazi n'kukha m'mutu. Sanatsitsimukenso. Anatisiya pa 7 Malichi, ali ndi zaka 53.

Abale amene mukutiona pa foni muli ku Mponela, tikuuzeni chilungamo: tinachita zimene anatilamula, ubongo wawo wapita kukapimidwa. Tikudziwa kuti zakuopsani, ndipo amalume awo anena kuti munthu saikidwa wosakwanira. Nafenso sitinasaine mosavuta. Koma amene anapempha ndi eni ake. Zotsatira zituluka pakapita miyezi, ndipo tikuziopa. Zikatsimikiza kuti n'kugundidwa kuja, ndiye kuti anyamata mwakhala kumbuyoko ndi malaya a timu, nkhaniyi ndi yanunso. Chiza waitanidwa ndi koleji ina ku America kuti akasewere. Sanayankhe. Mayi ake sakudya.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Felesta, ana awiri, Chiza ndi Tithokoze, komanso alongo awo awiri kumudzi, Mayi Margreth ndi Mayi Connie. Banja likuthokoza abusa ndi amvano a mpingo wathu, anamwino anzawo a mayi, madokotala, Bambo Kangwa, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene mwagona nafe pasiwa, ndi anyamata amene mwanyamula bokosi. Ife otsala tizidikira. Inu alamu, kumene mwapitako kulibe wokugundaninso. Mzimu wanu uuse mumtendere.