Miyendo Iwiri Pansi pa Galimoto Yobiriwira

M'mawa umenewo, myuziyamu ya magalimoto akale itangotsegulidwa, mnyamata wolandira alendo, yemwe anzake ankamutcha Chikwangwani chifukwa chomvera zolembedwa pakhoma kuposa anthu amoyo, anapeza miyendo iwiri ya mu ovolosi ndi jombo itatulukira pansi pa galimoto yobiriwira. Mtima wake unali kale m'malere, pakuti linali tsiku limene munthu wa kwawo kwa bwenzi lake amabwera kudzamuona ngati ali woyenera mwana wawo, ndiye miyendo ya eni ake ija inamufikira ngati ntchentche mu tiyi.

"Odi pansipo!"

"Lowani," anayankha mawu a mayi.

"Sindikufuna kulowa ine. Ndikufuna inuyo mutuluke."

"Nanga odi ndi wa chiyani?"

Chikwangwani anakonza tayi yake yobwereka. "Mayi, mwadumpha chingwe chotchingira galimoto."

"Sindinadumphe. Ndadutsa pansi."

Mnyamatayo anatembenuka n'kuyang'ana pakhoma. Panali polembedwa za kudumpha basi. Za kukwawa panalibe, ndipo zimenezi zinamupweteka mumtima.

"Chabwino. Koma ndinu yani?"

"Mlendo."

"Alendo amaima chilili. Amazungulira galimoto, amati eee, koma akale ankadziwa kupanga zinthu, kenako amapita chipinda chinacho kukaona injini ya sitima."

"Amenewo amabwera kudzaona penti. Galimoto imaonedwa kumimba, mwanawe."

Mnyamatayo anagwada n'kusuzumira. Munali mdima, anangoona mkono wokwera m'mwamba. Mutu wake, womwe unkakonda nkhani za chikondi ndi zinsinsi, unayamba kuluka zake pompo. Anatsitsa mawu.

"Kapena, mayi, ndi m'galimoto imeneyi mmene malemu amuna anu anakufunsirani? Ngati mukufuna kulira, mpando uli pakhondepo."

"Malemu ati? Amuna anga ndawasiya akumwa tiyi."

"Pepani kwambiri."

"Ukupepesa kuti ali moyo?"

"Ayi! Iyayi! Ndikuti... mayi, dzanja lanulo likukhudza galimoto."

"Si dzanja. Ndi chala chimodzi."

"Chala chili pa dzanja. Chichotseni."

"Ndikachotsa udzalira ndiwe."

"Ine sindilira pantchito."

Mkono uja unatsika pang'ono. Nthawi yomweyo mzere wakuda wa oyilo unayamba kuyenda pa simenti yopukutidwa ija, kulunjika pa nsapato zake. Chikwangwani anadumpha ngati waponda moto.

"Bwezerani! Bwezerani chala!"

"Koma chala chili pa dzanja."

"Bwezerani kaye, za malamulo tikambirana!"

Mzere uja unaima. Pansi pa galimoto panamveka kuseka kwa m'mphuno.

"Nati yotulutsira oyilo yamasuka," anatero mayiyo. "Ndamva kudontha ndili pakhomo. Ndani waigwira?"

"Palibe. Ine ndinangoipukuta dzulo."

"Kupukuta nati ya pansi pa injini?"

"Ndinapukuta zonse, mpaka zosaoneka. Imeneyo ndinaipukuta ndi nsalu mpaka inayamba kuzungulira yokha. Ndinangoti yakondwa."

"Ha! Yakondwa! Nanga thireyi yomwe imakhala pansi pano yolandira madontho ili kuti?"

"Inali yonyansa."

"Thireyi ya oyilo ukufuna ikhale yoyera ngati mbale ya mkwatibwi? Ili kuti?"

"Ndinaitsuka, ndathiramo dothi, ndadzalamo maluwa. Ili pakhomo."

"Maluwa ofota aja?"

"Sanafote, akuzolowera malo."

"Katenge."

"Sindingathe, mayi. Ndi olandirira mlendo wanga."

"Mlendo wako amadya maluwa?"

Chikwangwani anapuma mozama, maso ake n'kupita kudenga kumene dzuwa limalowera pa galasi.

"Pali mtsikana, mayi. Anabwera kuno tsiku lamvula, anaima pa galimoto yomweyi, n'kundifunsa ngati injini yake imalirabe. Ine ndinayankha kuti kulibe cholembedwa chonena zimenezo. Anaseka. Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga sunazimepo."

"Ndiye?"

"Ndiye lero kwawo akutumiza munthu kudzandiona. Akandikana, zonse zathera pompo. Sanandiuze kuti ndi ndani, koma ine ndadziwa kale. Ndi bambo ake. Kwawo ali ndi galaja, ndipo akuti mwini galajayo amamva vuto la injini galimoto ikadali kumsewu. Akuti makaniko akamva jombo zake amabisa tiyi."

"Woopsa ndithu."

"Chilombo, mayi. Usiku wonse ndimalota ndevu zake."

Pansi pa galimoto panamveka kutsokomola.

"Ndipatse sipanala."

"Tilibe."

"Ndadutsa kabati yagalasi yodzaza masipanala."

"Amenewo ndi oonetsa."

"Sipanala ndi sipanala."

"Ali ndi zaka zambiri kuposa agogo anga. Anapuma pantchito."

"Mmodzi abwerere kwa kanthawi, sakana."

"Kabatiyo imatsegulidwa abwana alipo, titavala magolovesi oyera."

"Abwana ali kuti?"

"Kumaliro."

"Magolovesi?"

"Ali m'kabati momwemo."

"Kalanga ine!" Jombo imodzi inamenya simenti. "Ona kuseri kwa chingwe. Pali chikwama changa. Pisamo, upeza sipanala."

Chikwangwani anayang'ana chikwama chachikopa chija, n'kubweza manja kumbuyo.

"Amayi anga anandiphunzitsa kuti m'chikwama cha munthu wamkazi mwamuna sapisamo dzanja."

"Mwini wake ndakuloleza."

"Sananene kuti pokhapokha akakuloleza."

"Ndiye ndikankhire kuno."

"Chikwama sichiloledwa mkati mwa chingwe. Chimakanda penti."

"Iwe mwana, unabadwa kapena anachita kukusindikiza?"

"Ndinabadwa, mayi. Lachiwiri."

Miyendo ija inapindika, n'kutambasukanso.

"Mkono wanga wachita dzanzi. Mvera bwino. Wantchito amaloledwa kulowa mkati mwa chingwe?"

"Amaloledwa."

"Kukhudza galimoto?"

"Pakakhala ngozi."

"Oyilo kusefukira chipinda chonse, chilombo chako chandevu n'kuterereka n'kuthyoka msana pakhomo, imeneyo ndi ngozi kapena phwando?"

Chikwangwani anaziona zonse m'maganizo: apongozi ali chagada, miyendo m'mwamba, bwenzi lake akulira pawindo, iye akukalamba yekha pakati pa magalimoto osayenda.

"Ndi ngozi," anatero ndi mawu ofooka.

"Ndiye lowa udzagwire natiyi, ine nditenge sipanala ndekha."

"Malaya awa ndi oyera."

"Vula."

"Pantchito sitivula."

"Ndiye lowa nawo."

Anayang'ana malaya, anayang'ana khomo, anayang'ana mzere wakuda uja. Kenako anamasula chingwe bwinobwino, n'kulowa, n'kuchimangiriranso kumbuyo kwake. Anagona chagada n'kudzikoka mpaka mutu unalowa mumdima wonunkha chitsulo chakale.

"Bweretsa chala. Osati icho, chachikulu. Kankha m'mwamba. Kankha ngati mwamuna, iwe!"

"Ndikukankha! Aaa, yandidonthera m'khutu!"

"Khutu silichita dzimbiri tsopano."

Mayi uja anadzikoka n'kutuluka. Chikwangwani anangoona jombo zikuimirira, zikudutsa pansi pa chingwe, n'kukaima pa chikwama. Anamva zipi. Anadikira kulira kwa sipanala, koma chomwe anamva ndi mpando ukukokedwa.

"Mayi? Mwakhala pansi?"

"Ndikupumitsa mkono."

"Mpando umenewo ndi wa okalamba ndi odwala."

"Zikomo pondiona ngati mtsikana. Tandiuza, mwana wa eni akeyo ukumufuniranji?"

"Mayi, ino si nthawi yake!"

"Ndi nthawi yabwino. Mwamuna akagona chagada, chala chili pa nati, sanama. Amadziwa kuphika?"

"Sadziwa. Amapsereza ngakhale madzi."

"Ndiye?"

"Ndimaphika ndine. Ndili ndi buku lake, ndimatsatira mzere ndi mzere."

"Ndikukhulupirira. Nanga akapsa mtima?"

"Amaponya zinthu. Koma amaponya zofewa, ndiye ndimaona kuti amandiganizira."

Mpando unagwedezeka ngati wokhalapo akulimbana ndi chifuwa.

"Za injini udziwapo chiyani?"

"Zolembedwa pa zikwangwani zonse ndinaloweza. Iyi inapangidwa nkhondo yaikulu ya dziko lonse itangotha, ili ndi masilinda anayi, inkayamba ndi chitsulo chopukusa kutsogolo."

"Silinda ndi chiyani?"

"Pamenepo sanalembe."

"Ndiye chilombocho chikakufunsa?"

"Ndinena kuti sindidziwa. Ndikanama adzandigwira, ndipo ngakhale asandigwire, ndikhala ndanama kwa bambo a munthu amene ndimamukonda. Mayi, chonde, chala chafa! Akalowa pano n'kundipeza chonchi?"

"Tuluka, uthawe. Khomo lakumbuyo ndaliona."

"Oyilo atayika."

"Si wako."

"Galimotoyi abwana anandisiyira ine kuti ndiziyang'anira. Ndiponso ndi pamene iye anaima tsiku lamvula lija."

Mpando unakankhidwira kumbuyo. Kenako jombo zinabwerera, mawondo anagwada, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona nkhope: mayi wa imvi zochepa m'mbali, oyilo pa tsaya, maso oseka omwe ankaoneka ngati anawaonapo penapake. M'manja munali sipanala yonyezimira chifukwa cha ntchito.

"Bambo amene ukuwaopawo sabwera," anatero.

"Mwadziwa bwanji? Mwakumana nawo? Akwiya? Ndi maluwa aja?"

"Alibe ndevu. Ndipo tayala likaphwa amaima pambali n'kugwira ambulera."

"Ndiye galaja ija amayendetsa ndani? Amene makaniko amabisira tiyi?"

"Amabisa pansi pa boneti, zitsiru, ngati kuti sindikatsegula."

Chikwangwani anafuna kudzuka, mutu n'kugunda chitsulo, galimoto yonse n'kulira ngati belu. Koma chala sanachotse.

"Mayi... ndakufunsani kale, ndikufunsanso mwaulemu. Dzina lanu ndani?"

Mayiyo anagona pambali pake, n'kulowetsa sipanala pa nati mosafulumira.

"Kugalaja amanditcha Mayi Pisitoni. Wopsereza madzi uja amanditcha amayi. Iwe gwira natiyo zolimba, tione ngati ufike ponditcha apongozi."