Buku Langa Linalibe Mwezi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine mphunzitsi wa kusekondale kuno ku Benga, ndipo ndikufuna ndikuuzeni m'mene ndinatsalira pang'ono kuchotsedwa pa maphunziro a digiri yachiwiri, chifukwa nthawi inkandipulumuka ngati mlamba m'manja.

Kafukufuku wanga anali wokhudza ana a asodzi amene amasiyira sukulu panjira, choncho ndinkayenera kucheza ndi abambo awo kudooko. Chaka chinatha ndilibe chogwirika. Kuyunivesite anandilembera kuti ndikapanda kupereka ntchitoyo pakutha pa teremu, dzina langa lifufutidwa. Amene ankandiyang'anira anandilangiza kuti ndigule buku lolembamo zochita za tsiku ndi tsiku, lija amati pulana.

Ndinaligula, ndipo poti ine ndi waphuma chibadwire, ndinadzaza ola lililonse osasiya popumira. Koma ndikaweruka n'kuthamangira kudooko, asodzi ndinkawapeza ali mtulo kapena akusoka maukonde, yankho n'kukhala lakuti, "Mubwere mawa, aphunzitsi." Lachisanu masana ambiri ankakhala ali kumzikiti. Maliro akagwa m'mudzi, ndondomeko ya sabata yonse inkagwera pomwepo. Chilichonse cholephereka ndinkachikhwatcha ndi cholembera chofiira chomwe ndimachongera mayeso, mpaka bukulo linafiira psuu. Ndinayamba kuopa kulitsegula. Mutu sunkasiya kuwawa, kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo ana anga ankandizemba chifukwa cha ukali.

Lamulungu lina ndinajomba kutchalitchi, ati ndiwerenge, koma ndinangokhala n'kumalira. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, ngati sukuluyi si yanga ndiuzeni. Ngati ndi yanga, ndionetseni pamene ndikulakwitsa."

Yankho linadzera mwa Mayi Asiyatu, Msilamu amene amayanika usipa pathandala kudooko komweko. Anandipeza nditakhala pamchenga nditagwira chibwano, buku lija lili pamwendo, n'kundifunsa kuti m'bukumo mwalembedwa chiyani. Nditawawerengera, anapukusa mutu.

"Nanga mwezi mwaulemba pati, aphunzitsi? Usipa amapha ndi nyali kukakhala mdima. Mwezi ukamawala amunawa amangoswera bawo pansi pa mtengo, mpamene mungawapeze. Mwera ukawomba n'chimodzimodzi. Ine tsiku langa ndimayamba ndaika swala, mapemphero athu asanu aja, zina zonse zimalowa m'mipata."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinabadwira m'mbali mwa nyanja momwemuno ndipo zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinkaziona ngati sizoyenera kulowa m'buku la munthu wa kuyunivesite.

Nditafika kunyumba ndinatsegula tsamba latsopano, ulendo uno ndi pensulo. Ndinayamba ndi zimene sindingazisunthe: Lamulungu, Lachisanu la anzanga achisilamu, masiku ophunzitsa, ndi sabata imene mwezi umawala. Sabata imeneyo ndinaipereka kwa asodzi, ndipo masiku amdima ndinawasungira kulemba. Sabata iliyonse ndinkasiya tsiku limodzi lopanda cholembapo, podziwa kuti maliro ndi matenda sagogoda. Mwezi utawala, amuna aja amene ankandizemba anandikhazika pambali pa bawo n'kundiuza zambiri mpaka dzanja linatopa. Mwera nawo unawomba masiku atatu, ine n'kumathokoza mphepo imene ena ankaidandaula.

Ntchito ndinapereka kutatsala masiku awiri, ndipo anailandira. Mutu unasiya kuwawa, ana anga anayambanso kundikhalira pafupi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera pakamwa pamene sindinkayembekezera. Inu amene sukulu yakukhalani pakhosi, musataye mtima. Lembani ndondomeko yanu, koma muyambe ndi zimene Mulungu anaziika kale m'malo mwake. Mpaka lero ndikadutsa pathandala, Mayi Asiyatu sandifunsa za digiri. Amangoti, "Aphunzitsi, mwezi mwaulemba?" Ine ndimayankha kuti, "Ndaulemba, mayi, ndayamba ndi womwewo."